Kudzala ndi kusamala Ribes menziesii, chitsamba chaminga cha m'makwawa a ku California

Chitsamba cha Ribes menziesii sichivuta kudzala, koma chimafa msanga m'manja mwa munthu wokonda kuthirira. M'mwezi wa Julayi kapena Ogasiti, dzuwa likamaswa mtengo ku California, masamba ake amasanduka achikasu n'kuyoyoka, panthambi n'kutsala minga yokhayokha. Mwini wake akaona zimenezi amathamangira paipi n'kumathira madzi tsiku ndi tsiku pa dothi lotentha, ndipo pakangotha milungu ingapo mizu imawola. Chikhalirecho chitsambacho sichinali kufa ayi, chinali chitangogona kudikira mvula ya Novembala.

Kwawo kwa chitsambachi ndi m'mapiri a m'mbali mwa nyanja ya Pacific, kuyambira kummwera chakumadzulo kwa Oregon kutsika mpaka chigawo chapakati cha gombe la California. Chimapezeka m'makwawa a ku Mount Tamalpais, m'mapiri a Santa Cruz ndi ku Big Sur, kawirikawiri m'mphepete mwa nkhalango kapena pansi pa mitengo ya oak pomwe dzuwa limalowa pang'onopang'ono. Kumeneko mvula imagwa nyengo yozizira, kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo. Nyengo yotentha imadutsa popanda mvula, kupatula nkhungu yochokera kunyanja imene imanyowetsa masamba m'mawa. Dzina lake linachokera kwa Archibald Menzies, dokotala wa ku Scotland amene ankatola zomera paulendo wa panyanja wa George Vancouver wa 1791 mpaka 1795, ndipo amene analilemba m'buku la zomera za ku North America la 1814 ndi Frederick Pursh. Ku California anthu amachitchula kuti canyon gooseberry. Musachisokoneze ndi jamu wathu uja wa zipatso zachikasu zobisala m'kachikopa kouma. Jamu ndi Physalis peruviana, wa banja limodzi ndi tomato, ndipo kasamalidwe kake n'kosiyana kotheratu.

Kuchizindikira musanagule kapena kudula nthambi

Mitundu ya Ribes ku California ndi yambiri, ndipo ikakhala yaing'ono m'machubu a kunazale imafanana kwambiri. Yambani ndi minga. Mitundu yopanda minga, monga Ribes sanguineum, imatulutsa maluwa ambirimbiri pa phava limodzi lolendewera. Mitundu yambiri yaminga imatulutsa duwa limodzi, awiri kapena atatu basi pamalo amodzi. Ribes menziesii imakhala ndi minga itatu yolimba pa mfundo iliyonse, yotalika sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo pakati pa mfundo ndi mfundo pamakhala timinga tina tating'onoting'ono tothithikana. Timinga ta pakati timeneti ndi chizindikiro chothandiza kwambiri, chifukwa Ribes californicum, imene imamera m'madera omwewo, nthawi zambiri khungwa lake limakhala losalala pakati pa mfundo.

Kenaka tembenuzani tsamba. Ndi laling'ono, la masentimita 2 mpaka 4, logawika pamagawo atatu kapena asanu. Kunsi kwake kuli ubweya wokhala ndi timitu tonata, ndipo mukalitikita pakati pa zala limasiya fungo ndi kunata. Duwa limalendewera chozondoka. Timasamba take takunja, tofiirira mopita ku pepo, timapindikira m'mbuyo, ndipo tamkati toyera timazungulira timaphesi ta mungu totulukira kunja. Maluwawa amaoneka cha mu Febuluwale mpaka Epulo. Mukaona maluwa ofiira kwambiri, ataliatali, pa chitsamba cha masamba onyezimira, imeneyo ndi Ribes speciosum, ya kummwera mpaka ku Baja California. Njira zonse zimene zili m'munsimu zimagwiranso ntchito pa Ribes californicum ndi Ribes speciosum.

Chikakhwima chimatalika mpaka mamita awiri, ndipo m'lifupi chimatambasuka pafupifupi chimodzimodzi. Anthu ambiri sakhulupirira zimenezi akachiona chili kakang'ono m'chubu, n'chifukwa chake amachidzala pafupi ndi njira kapena pakhomo, kenaka n'kumalimbana nacho chaka ndi chaka.

Musakumbe chitsamba cha kutchire. Kawirikawiri sichipirira kusamutsidwa, komanso m'mapaki a boma kutola zomera, nthambi kapena njere popanda chilolezo n'kulakwira lamulo. Pamalo a munthu pemphani kwa mwini wake. Njira yapafupi ndi kugula kunazale zogulitsa zomera zachilengedwe za m'deralo, kapena pa misika ya mbande imene nthambi za bungwe la California Native Plant Society zimachititsa, makamaka mvula ikamayandikira. Pogula, gwirani chubu mozondotsa n'kuchotsa mbandeyo pang'ono kuti muone mizu. Mizu yabwino imakhala yoyera kapena yotuwa komanso yolimba. Ikakhala yakuda, yofewa, yosupuka khungu mukaikoka, isiyeni ngakhale masamba akuoneka bwino. Mu 2012 kachilombo kowoletsa mizu kotchedwa Phytophthora tentaculata kanapezeka m'nazale ya zomera zachilengedwe ku California, ndipo chubu chimodzi chodwala chikhoza kuipitsa dothi la pakhomo panu kwa zaka zambiri.

Ngati mwaloledwa kukatenga njere kapena nthambi m'khwawa, valani malaya a manja aatali ndi thalauza. M'malo omwewo mumamera poison oak, chomera cha masamba atatuatatu chimene mafuta ake amatulutsa zidzolo zoyabwa koopsa, ndipo m'udzu mumakhala nkhupakupa.

Kufesa njere

Zipatso zimapsa pakati pa Juni ndi Ogasiti malingana ndi malo. Zakupsa zimakhala za pepo wakuda ndipo zimafewa mukazifinya ndi magolovesi. Ziikeni m'mbale, thiranimo madzi pang'ono, ndipo muziphwanye ndi supuni kapena ndi kunsi kwa kapu. Onjezerani madzi, vundulani, dikirani mphindi imodzi. Njere zabwino zimamira, pamene makoko, timinga ndi njere zopanda kanthu zimayandama. Tayani zoyandamazo, bwerezani katatu kapena kanayi mpaka madzi ayere, kenaka yanikani njerezo papepala pamthunzi masiku atatu kapena anayi. Musaziyanike padzuwa. Zisungeni mu envelopu yapepala m'furiji. M'pulasitiki yotseka, njere zosauma bwino zimachita nkhungu.

Njere zimenezi sizimera zikangofesedwa. Zimafuna kukhala kaye pozizira ndi ponyowa kwa miyezi iwiri kapena itatu, monga zimachitira zikagwa pansi kutchire n'kudutsa nyengo yamvula. Cha kumapeto kwa Seputembala, sakanizani gawo limodzi la njere ndi magawo atatu a mchenga wotsuka kapena perlite (timiyala toyera topepuka tosakaniza m'dothi la mbande). Nyowetsani mpaka pamene mukafinya m'dzanja sipakudontha madzi koma dzanja likunyowa. Ikani m'kajumbo kotseka, lembanipo tsiku, ndipo kasungeni m'furiji pa madigiri 2 mpaka 5 kwa masiku 60 mpaka 90. Osaika m'chigawo choundanitsa madzi, chifukwa njere yowundana imangoima osasintha kanthu mkati. Sabata iliyonse tsekulani kajumboko kuti mulowe mpweya. Mukaona timizu toyera tayamba kutuluka, fesani tsiku lomwelo osadikira kuti masiku akwane, popeza kamuzu kakatalika m'jumbo kamathyoka pofesa.

Fesani m'thireyi kapena m'machubu okhala ndi mabowo ambiri kunsi. Dothi lake likhale lopepuka: magawo awiri a dothi logula la m'machubu ndi gawo limodzi la perlite kapena mchenga wokhakhala. Kwirirani njere ndi mamilimita 3 mpaka 5 okha. Ikani panja pamthunzi wowala, pamwamba pa tebulo osati pansi, kuti madzi a mvula odumpha kuchokera padothi asalowetse matenda. Phimbani ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono chifukwa mbewa ndi mbalame zimafukula.

Pali njira ina yosavuta kwa amene amakhala m'dera lozizira bwino: kufesa m'machubu mu Okutobala kapena Novembala n'kusiya panja kuti nyengo yokha igwire ntchito ya furiji. Njereyo imamera mochedwerapo ndiponso mosiyanasiyana, koma mbande zake zimakhala zolimba.

Kameredwe ka Ribes n'kosalongosoka. Zina zimatuluka patatha milungu itatu, zina miyezi iwiri, zina zimadikira mpaka chaka chotsatira, ndiye musataye thireyi msanga. Chimene chimapha mbande zambiri pa msinkhu umenewu ndi kuwola kwa patsinde: kambande kamaonda pamene kakhudzana ndi dothi, n'kugwa. Gwero lake ndi madzi ochuluka, kuthithikana ndi kusowa kwa mphepo. Thirirani m'mawa, dikirani kuti pamwamba pa dothi paume musanathirirenso, ndipo zulirani zikathinana. Zikatulutsa masamba enieni atatu kapena anayi, zisamutsireni m'machubu akuya, gwirani tsamba osati tsinde. Chitsamba chochokera ku njere chimayamba maluwa cha m'chaka chachitatu kapena chachinayi.

Nthambi zodula ndi nthambi zokwirira

Amene akufuna maluwa msanga adule nthambi. Nthawi yabwino ndi Okutobala mpaka Disembala, chitsamba chikamadzuka ndi mvula yoyamba. Sankhani nthambi zimene zinamera chaka chomwecho, zolimba koma zosakalamba, zonenepa pang'ono kuchepera pensulo. Dulani zidutswa za masentimita 12 mpaka 15, chilichonse chikhale ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Kunsi dulani pansi penipeni pa mfundo, pakuti mizu imatuluka pamenepo. Monga mmene zimakhalira ndi mbewu ya chinangwa, chidutswa chikazikidwa mozondoka sichiphuka bwino, choncho dulani kunsi mopingasa ndi kumwamba mopendeka kuti musasokoneze.

Chotsani minga ndi masamba pa theka lakunsi pogwiritsa ntchito sizasi, osati kukoka ndi dzanja, chifukwa khungwa limang'ambika. Viikani kunsi mu ufa wothandiza kumeretsa mizu, sasani wotsalira, bowolani dothi ndi kamtengo, ndipo zikani mfundo ziwiri pansi. Chosakaniza chabwino ndi magawo atatu a perlite ndi gawo limodzi la peat (dothi lopepuka la zomera zowola) kapena ulusi wa makoko a kokonati. Ikani pamthunzi pomwe palibe mphepo yamphamvu, ndipo dothi likhale lachinyontho osati lonyowa kwambiri. Mizu imayamba pakatha milungu 6 mpaka 10. Masamba atsopano si umboni woti mizu yatuluka, popeza chidutswa chimatha kuphuka ndi chakudya chimene chinali kale mkati. Kokani pang'ono: chikakana, ndiye kuti chagwira. Dulani zidutswa zochuluka kuposa zimene mukufuna chifukwa zina zimawola.

Ngati muli kale ndi chitsamba chachikulu, kukwirira nthambi ndi njira yosalephera kawirikawiri. Mu Novembala kapena Disembala pezani nthambi yaitali yoyandikira pansi. Palani khungwa kunsi kwake masentimita 2 kapena 3 pafupi ndi mfundo, kwirirani malo opalawo masentimita 5 mpaka 8, tsinikizani ndi mwala kapena waya wopinda, ndipo nsonga ikhale kunja itaimirira. Musaidule kwa mayi wake mpaka mvula ya chaka chotsatira itayamba. Mukaidula pakati pa nyengo yotentha, timizu take tating'ono sitingathe kuisamala yokha.

Malo ndi kadzalidwe

Pafupi ndi nyanja, kumene nkhungu imabwera pafupipafupi, chitsambachi chimapirira dzuwa lambiri. Kumtunda kotentha chimafuna dzuwa la m'mawa lokha ndi mthunzi kuyambira masana. Mbali ya kumpoto kapena kummawa kwa nyumba kapena kwa phiri ndi imene imachiyenera. Pamthunzi wandiweyani chimakhala ndi moyo koma chimatalika mowonda ndipo maluwa amachepa. Pansi pa mitengo ya oak ndi malo abwino kwambiri, chifukwa mitengoyi nayonso imadwala mizu ikamathiriridwa nyengo yotentha, ndiye ziwirizi zimagwirizana. Komabe talikirani mamita awiri kapena atatu kuchokera pa thunthu, ndipo pokumba musadule mizu ikuluikulu ya mtengowo.

Siyani mita imodzi ndi theka kuchokera panjira, pamalo osewerera ana ndi poyanika zovala. Pakati pa chitsamba ndi chinzake siyani mita imodzi ndi theka mpaka mamita awiri. M'madera a moto wolusa musadzale chitsamba chilichonse mkati mwa mita imodzi ndi theka kuchokera pakhoma la nyumba, makamaka ichi chimene chimauma masamba nthawi yomwe moto umavuta. Kumalire a mpanda, kumene simufuna kuti anthu azidutsa, ndi kumene minga yake imakhala yaphindu. Zinziri ndi timbalame tina timabisalamo amphaka osatifikira.

Chimalola dothi la mitundu yambiri, ngakhale lamakande, bola madzi asamaime. Yesani chonchi: kumbani dzenje lakuya masentimita 30, dzazani madzi, akaphwa dzazaninso. Ngati mawa lake nthawi yomweyo madzi akadalimo, malowo ndi osayenera pokhapokha mutaunda kachulu ka masentimita 20 mpaka 30 n'kudzala pamwamba pake. Pamalo otsetsereka vutoli silikhalapo.

Dzalani mvula yoyamba ikanyowetsa nthaka, kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala. Mukatero mizu imakhala ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yolowa pansi kutentha kusanafike. Chodzalidwa mu Meyi kapena Juni chimafuna madzi ambiri pa nthawi imene madzi ndi oopsa kwa icho, ndipo zambiri zotere sizifika Okutobala.

Dzenje likhale lotambalala kuwirikiza kawiri chubu, koma kuya kwake kungofanana ndi dothi la m'chubumo. Kandani m'mbali mwa dzenje ndi khasu kapena foloko ngati dothi ndi lamakande, kuti mizu isazungulire mkati momwemo. Masulani mizu yopiringizana kunsi. Khazikani mbandeyo kuti pamene tsinde limakumana ndi mizu pakhale sentimita imodzi kapena awiri pamwamba pa nthaka yozungulira, chifukwa dothi limatsika likanyowa, ndipo tsinde lokwiririka limawola. Bwezerani dothi lomwe munakumbalo. Musaikemo manyowa, kompositi wambiri kapena feteleza. M'dothi lamakande, dzenje lodzaza kompositi limasunga madzi, ndipo feteleza amatulutsa nthambi zanthete zimene nsabwe ndi nkhungu zimakonda.

Kumene kuli tinyama tofukula pansi totchedwa gopher, ikani mbandeyo m'dengu la waya lokwiriridwa, m'mphepete mwake mutulukire masentimita 5 pamwamba. Tinyamati timatha kudya mizu yonse, ndipo chitsamba chimangofota mwadzidzidzi n'kuzuka mosavuta mukachikoka. Agwape amadya nsonga zanthete minga isanalimbe, choncho chaka choyamba zungulizani waya wotalika mita imodzi kapena kuposa.

Mukamaliza thirani malita 15 mpaka 20 pang'onopang'ono. Phimbirani ndi masamba ouma a oak kapena tizidutswa ta makungwa, mulingo wa masentimita 5 mpaka 8, koma siyani mpata wa masentimita 10 kuzungulira tsinde.

Madzi

Nyengo yamvula yoyamba, thirirani pokhapokha ngati padutsa milungu iwiri kapena itatu popanda mvula. Zaka zina ku California mvula imadukiza mu Januwale kapena Febuluwale, ndipo imeneyi ndi nthawi imene chitsambachi chimafunadi madzi chifukwa chikukula ndi kutulutsa maluwa. Ambiri amachiiwala nthawi imeneyi n'kudzachikumbukira mu Ogasiti, kutembenuza zinthu.

Nyengo yotentha yoyamba ndi yovuta kuilinganiza, popeza mizu sinafike patali koma madzi ochuluka ndi akupha. Thirani malita 10 mpaka 15 kamodzi pa masiku 10 mpaka 14. Musanathire, lowetsani chala kapena kamtengo masentimita 8 mpaka 10 pansi. Ngati pali chinyontho, dikirani. Thirirani m'mamawa pa tsiku lozizirirapo, ndipo mukamva kuti kukubwera masiku otentha kwambiri thirirani kusanatenthe, osati pakati pa kutenthako. Madzi azigwera kutali ndi tsinde, cha kumene nthambi zathera. Chifukwa chake n'chakuti tizilombo ta Phytophthora timaswana ndi kusambira m'dothi lofunda ndi lonyowa, n'kulowa m'mizu ndi patsinde. Dothi lozizira ndi lonyowa silivuta, louma ndi lotentha silivutanso, koma kutentha kukakumana ndi madzi chitsamba chimapita.

Chaka chachiwiri thirirani kamodzi pamwezi. Kuyambira chaka chachitatu, pamthunzi pafupi ndi gombe sichifunanso madzi a m'chilimwe. Kumtunda kotentha, kamodzi pamwezi kumathandiza kuti masamba akhalitse. Musachilumikize ku mapaipi othirira kapinga kapena maluwa a tsiku ndi tsiku.

Masamba akayoyoka mu Julayi kapena Ogasiti ndipo mukukayika, palani khungwa pang'ono ndi chikhadabo pa nthambi imodzi. Mkati mukakhala mobiriwira ndi monyowa, chili moyo, chisiyeni. Onaninso timaso ta pa mfundo: tikakhala tolimba ndi todzaza, tidzaphuka ndi mvula. Chitsamba chowola mizu chimaoneka mosiyana. Masamba amafota onse pamodzi n'kuuma ali pomwepo osagwa, dothi lili lonyowa, ndipo mukapala patsinde pafupi ndi nthaka mumapeza mkati mwa bulauni. Chikafika pamenepa sichichira. Chizuleni pamodzi ndi dothi lozungulira mizu, musachiike pa kompositi, tsukani zida, ndipo musadzale china pa dzenje lomwelo.

Kudulira

Zaka ziwiri zoyamba musadule kanthu kupatula nthambi zouma. Pambuyo pake dulirani kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, masamba atagwa, pamene nthambi zikuoneka bwino, mbalame zitamaliza kuswa ndiponso kunja kuli kouma kuti mabala asalowe matenda. Mukadulira mu Disembala kapena Januwale mumataya maluwa a chaka chimenecho.

Maluwa ambiri amabwera pa nthambi za chaka chimodzi mpaka zitatu. Zokalamba zimakhala zakuda, zokhakhala, zobereka pang'ono. Chaka chilichonse chotsani ziwiri kapena zitatu zokalambazo podula pansi penipeni, ndipo musapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsamba chonse. Chotsaninso zopingasana pakati kuti mphepo izidutsa. Musamete pamwamba ngati mpanda. Kumeta kumabala timphukira tambirimbiri kunsonga, mkati n'kuda, ndipo kukongola kwa nthambi zopindika zolendewera maluwa kumatha. Nthambi zogwa pansi zimamera mizu zokha, ndiye zichotseni ngati simukufuna kuti chitsamba chifalikire.

Valani magolovesi achikopa ofika m'chigongono ndi magalasi oteteza maso, gwiritsani ntchito chodulira cha zigwiriro zazitali, ndipo pukutani mpeni wake ndi sipiriti musanapite pa chitsamba china. Nthambi zodulazo zitoleni nthawi yomweyo. Minga youma imalowa ngakhale mu nsapato zopyapyala.

Tizilombo ndi matenda ena

Nsabwe za m'masamba zimabwera pa mphukira zanthete mu Malichi ndi Epulo, masamba n'kupindika. Zithireni madzi amphamvu m'mawa kwa masiku angapo. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika, dziwani kuti zikuweta nsabwezo ndi kuthamangitsa tizilombo tozidya, ndiye thanani ndi nyererezo. Musapopere mankhwala ophera tizilombo maluwa ali pomwepo. Maluwa amenewa amatuluka nthawi imene zomera zina zambiri sizinayambe, ndipo timbalame ta hummingbird ndi njuchi zikuluzikulu zaubweya zimadalira timadzi take. Popanda timbalame ndi njuchizi zipatso sizigwira bwino.

Nkhungu yoyera ngati ufa pamasamba ndi pansonga imasonyeza kuti chitsamba chathinana, chili pamthunzi wambiri kapena chinalandira feteleza. Dulani nsonga zodwalazo, ndipo nthawi yodulira ikafika tsekulani pakati. Timbozi tobiriwira ta sawfly timayambira pa masamba a mkati chakunsi ndipo timatha kumaliza masamba onse m'masiku ochepa. Yang'anani kunsi kwa masamba sabata iliyonse nyengo yozizira ikamatha, n'kutola ndi dzanja.

Matenda ofunika kuwadziwa bwino ndi dzimbiri lotchedwa white pine blister rust, loyambitsidwa ndi Cronartium ribicola. Pa Ribes limaoneka ngati timadontho tachikasu kapena taolenji kunsi kwa tsamba, ndipo chitsambacho sichivutika kwenikweni. Koma kachilomboka kamafuna zomera ziwiri kuti kamalize moyo wake: kamachoka pa Ribes kupita pa mitengo ya paini ya masamba asanuasanu pa kamtolo, monga sugar pine, ndipo mitengoyo imafa. N'chifukwa chake boma la United States linaletsa kulima mitundu ina ya Ribes kuyambira 1911 mpaka 1966, ndipo zigawo zina monga Maine zikadali ndi malamulo ake. Ngati pafupi ndi kwanu pali paini, werengani masamba pa kamtolo kamodzi. Akakhala asanu, musadzale Ribes mkati mwa mamita 300.

Zipatso

Chipatso chake ndi chozungulira, pafupifupi sentimita imodzi, chokutidwa ndi timinga tolimba ta timitu tonata. Chimadyedwa, koma kunena zoona si chipatso choti munthu angadzalire chitsambachi: njere ndi zambiri, mnofu ndi wochepa, ndipo kakomedwe kamasiyana chitsamba ndi chitsamba. Eni nthaka ena a ku California ankawawula timinga ta zipatso za mtundu umenewu pozigubuduza m'dengu limodzi ndi makala amoto. Masiku ano njira yosavuta ndi kuziphika, kuzisefa n'kupanga jeli wopaka pa buledi.

Yalani nsalu pansi pa chitsamba, ndipo thyolani ndi magolovesi kapena dulani timapesi ndi sizasi kuti zigwere pansaluyo. Sakanizani zakupsa ndi zina zosapsa kwenikweni, chifukwa zosapsazo ndi zimene zimalimbitsa jeli. Pa kilogalamu imodzi ya zipatso thirani madzi theka la lita, wiritsani pamoto wochepa mphindi 20 mpaka 30, ndipo ziphwanyeni zikafewa. Thirani m'nsalu yoyera yothinana yopinda kawiri, imangeni pamwamba pa mbale, ndipo isiyeni idonthe usiku wonse. Musafinye nsaluyo, popeza timinga timabowola n'kulowa m'madziwo. Pa mamililita 600 alionse a madzi a zipatsowo ikani magalamu 450 a shuga. Sungunulani shuga pamoto wochepa, kenaka wiritsani mwamphamvu mpaka madigiri 104 kapena 105. Ngati mulibe choyezera, donthezani pang'ono pa mbale yozizira: pakachita makwinya mukakankha ndi chala, yapsa. Thirani m'mabotolo owiritsidwa ikadali yotentha, ndipo sungani m'furiji. Musakolole zonse, siyani gawo lalikulu kuti mbalame zidye.

Kwa amene ali kunja kwa California

Ku Malawi, ku Zambia ndi ku Tete mvula imagwa nthawi yotentha ndipo nyengo yozizira imakhala youma. Kutentha ndi madzi zimabwera pamodzi kwa miyezi ingapo, zomwe zimawoletsa mizu ya chitsambachi, choncho si chomera choti munthu atayirepo ndalama kumeneko. Ku Cape Town ndi madera ozungulira mvula imagwa nyengo yozizira ngati ku California, ndipo miyezi yonse yatchulidwa pamwambapa iyenera kusunthidwa ndi miyezi isanu ndi umodzi, kudzala kukhale mu Epulo mpaka Juni. Koma kulowetsa njere kapena mbande m'dziko lina kumafuna chilolezo cha boma ndi chikalata chotsimikiza kuti zilibe matenda, ndipo chitsamba chaminga chimene mbalame zimafalitsa njere zake n'chofunika kufunsa kaye akuluakulu a zomera musanachibweretse.

Ku Britain, mtundu waminga wa ku California umene umapezeka mosavuta m'nazale ndi Ribes speciosum. Kumeneko vuto si dzuwa koma chinyezi ndi chisanu, ndiye amaudzala motsamira khoma loyang'ana kummwera kapena kumadzulo, pa dothi losasunga madzi, n'kumangirira nthambi zake ku mawaya a pakhomalo. Timbozi ta sawfly n'tofala kwambiri kumeneko, ndipo timabwera kangapo pakati pa Epulo ndi Seputembala, choncho kuyang'ana kunsi kwa masamba kusalekeke mpaka nyengoyo itatha.